Zimene Gerishomo Ankatsata ku Chisi

Si zoona kuti Gerishomo Namakhwa anali ndi chibwenzi ku Chisi. Inde, munamva. Anakuuzani kuchigayo, anakuuzaninso pa doko la Kachulu, ndipo wokuuzaniyo analumbira kuti anaiona ndi maso ake njinga yobiriwira ija itatsamira khoma la nyumba ya mayi wamasiye Lachitatu lililonse. Njingayo inkatsamiradi. Zinazo n'zabodza. Mayi wamasiyeyo, Mayi Elenala, anali atayandikira zaka makumi asanu ndi limodzi, mano akutsogolo atatsala awiri, ndipo lilime lawo linkatha kusenda chinangwa. Mwamuna wofuna chibwenzi sakanapalasa mtunda wonse uja padzuwa la Okutobala, kusiya azimayi ogula matemba atadzola mafuta onunkhira pa Kachulu pomwepo.

Koma munthuyo mumudziwe kaye, chifukwa ambiri mumangodziwa chipewa chake ndi cholembera cha m'thumba la malaya.

Gerishomo anabadwira kwa Mwambo, m'banja la Alomwe amene agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki atamanga mbewu ya mpunga m'kansalu. Sukulu analekeza Sitandade 6. Masamu ankamukana, Chingerezi chinkamupatsa moni chapatali, koma dzanja, ee, dzanja anali nalo. Zilembo zake zinkaima pamzere ngati ana a kwaya, moti aphunzitsi ankazungulitsa kope lake m'kalasi kuti enawo achite manyazi. Bambo ake atamwalira, sukulu inathera pomwepo. Mayi ake anamutumiza ku chilumba cha Chisi, kwa msodzi wina dzina lake a Fanuelo, kuti akaphunzire za m'madzi.

Anakhala pakhomo pamenepo zaka zitatu. A Fanuelo anamuphunzitsa kupalasa osapha mapewa, kutchera ukonde m'mbali mwa njedza, udzu wautali wa m'nyanja uja, kuzindikira pamene pali mlamba pongoona udzu ukugwedezeka. Akazi awo, Mayi Elenala omwewa, ankamuphikira, kumuchapira, n'kumukalipira ngati mwana wobereka okha. Bwato litang'ambika kumutu, ndi Gerishomo amene anaphwanya chitini cha mafuta ophikira n'kuchikhomera pamng'alupo, misomali khumi ndi iwiri, mzere wowongoka bwino. A Fanuelo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mwanawe, ngakhale chigamba ukuchita kuchilemba?"

A Fanuelo anali a mpingo uja unkakana kugula khadi la chipani. Achikulire mukudziwa zimene zinkawagwera anthu amenewo. Ana kafunseni makolo anu, muone m'mene ayang'anire kumbali. Mu 1972 zinthu zitafika poipa, a Fanuelo anathawira m'njedza n'kumagona pa zimbowera, timisasa toyandama ta asodzi tija, ndipo ankangotulukira pa Kachulu m'mawa kudzatula nsomba atabisala pakati pa anzawo. Nthawi imeneyo n'kuti Gerishomo atasiya kale ntchito kwa iwo, akupalasa bwato la munthu wina. Iye khadi lake anali nalo, atalikulunga m'kapulasitiki kuti lisanyowe.

M'mawa wina kunafika lole yodzaza ayufi a malaya ofiira, ochokera kutali, osadziwa nkhope ya munthu aliyense. Pa doko panali mabwato oposa makumi atatu, ndipo asodzi akapsa ndi dzuwa amafanana onse.

"Fanuelo ndi uti?"

Zii. Anafunsanso. Wina anayamba kusoka ukonde umene unalibe bowo, wina kukapa madzi m'bwato louma. Mkulu wa ayufiwo anayenda pang'onopang'ono n'kudzaima pamaso pa Gerishomo. Sanamumenye. Apa mugwire bwino, chifukwa Gerishomo wakhala akuifunafuna mbama imeneyo m'mutu mwake zaka zonsezi, osaipeza. Mkuluyo anangoona cholembera m'thumba, namwetulira.

"Iwe ukuoneka wophunzira. Anthu ngati iwe chipani chikuwafuna."

Gerishomo sanatsegule pakamwa. Anali ndi nkhafi m'manja. Nkhafiyo inadzuka pang'ono, ngati ikudziwongola, n'kuloza bwato la chigamba cha chitini, kenako inatsika.

Basi. Ntchito yake yonse tsiku limenelo inali imeneyo.

A Fanuelo anamenyedwa pamatope pomwepo n'kuponyedwa m'lole. Bwato lawo ayufi analikokera pakati, kuliboola ndi nkhwangwa, kulidzaza miyala, n'kulimiza ukonde uli momwemo. Mwini wake anabwerako patatha zaka ziwiri, akutsokomola, makutu atagontha ndi zibakera, ndipo mvula yotsatira sanaione. Gerishomo anasankhidwa kukhala mlembi wa nthambi ya chipani. Ntchito anaigwira bwino, mabuku ake ankatamandidwa mpaka kuboma. Anakwatira Edina, anabereka naye ana asanu, woyamba Pemphero. Anatsegula munda wa mpunga kudambo. Anakhala mlembi wa mpingo, mlembi wa komiti ya sukulu, mlembi wa pamaliro. Kwa Mwambo kuno mukafuna munthu wolemba, mapazi amakutengerani okha kwa Gerishomo. Koma ku Chisi sanapondeko zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankati madzi amamuchititsa chizungulire, munthu woti anakulira m'bwato.

Ndiye kunabwera matipate. Kunamveka kuti onse amene anazunzidwa nthawi ija anene, zilembedwe, mwina kudzakhala chipukuta misozi. Mu 1995 bungwe lina la ku Blantyre, limene dzina lake linali lalitali moti anthu ankangoti "a mafomu", linatumiza kalata m'midzi: tipatseni munthu mmodzi m'dera lililonse, wolemba bwino, wodziwika ndi anthu, timuphunzitse kulemba madandaulo a anzake. Mukanakhala inu mukanatumiza ndani? Msonkhano wake sunathe ngakhale theka la ola. Manja anakwera onse, ndipo palibe amene anafunsa kuti dzanja lokongolalo linazolowera kulemba zotani.

Anakakhala masiku asanu ku Zomba, tiyi wa mkaka kawiri patsiku, mapepala akuluakulu atapachikidwa khoma lonse. Ankati akuwakulitsa luso. Gerishomo anabwerako luso litakuladi, pamodzi ndi mimba, atanyamula satifiketi, chikwama cha mafomu, kabokosi ka inki yodindira chala, ndi njinga yobiriwira yolembedwa dzina la bungwe. Malamulo anaphunzira atatu, ndipo ankawanena pamtima ngati katekisimu. Loyamba, usamudule mawu wolankhula. Lachiwiri, lemba zimene wanena, osati zimene ukuganiza iwe. Lachitatu, ukamaliza muwerengere zonse mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pansi, asanadinde chala.

Ntchito anaiyamba ndi moto. Kumtunda kuno analemba anthu makumi anayi: uyu analandidwa mbuzi za mphatso ya akuluakulu, uyu anabwezedwa pachipata cha msika ali ndi mwana kumbuyo, uyu anagona m'chitolokosi chifukwa cha nthabwala ya pamowa. Chakumunsi kwa fomu kunali malo ofunsa kuti, "Anachita zimenezi ndani?" Wodandaula ankayang'ana malowo, n'kuyang'ana amene wagwira cholembera, n'kukanda khosi. "Ayufi ochokera kutali." Gerishomo ankalemba momwemo, mokongola. Lamulo lachiwiri linkamufunditsa ngati bulangete.

Chaka chomwecho nyanja inaphwa. Madzi anathawa doko, anathawa njedza, n'kusiya matope ong'ambika ngati zidendene za mlimi. Asodzi anasanduka owotcha njerwa ndi ogulitsa nkhuni. Anthu anayamba kupita ku Chisi wapansi ndi panjinga, fumbi lili koboo pamene kale pankadutsa mabwato. Chizungulire cha Gerishomo chinasowa pogwira. Sipanapite nthawi, mayi wina wosenza nkhuni anaima pakhomo pake.

"Ndatumidwa. Mayi Elenala akuti amva kuti mukulemba. Akuti njira ilipo tsopano, sikunyowetsani."

Anapita Lachitatu. Pakati pa njira, pamene kale madzi ankafika m'khosi, anaona chinthu chakuda chitatulukira m'matope ngati msana wa mvuu. Anatsika panjinga. Linali bwato. Mtengo wake unali utaola, theka lili pansi, miyala ikadali m'kati, koma kumutu kunali chigamba chadzimbiri. Misomali anaiwerenga ndi chala. Khumi ndi iwiri. Anazula udzu wouma n'kuphimba pamenepo. Mphepo inauchotsa iye asanakwere n'komwe njinga.

"Odi pano!"

Mayi Elenala anasuzumira pakhomo, dzanja lili pamphumi. "Ndani? Ii, Geri! Wakalamba iwe. Mimba imeneyo ndi ya chipani kapena ya a mafomu?"

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera ndikudikira alembi. Khala apo. Tulutsa mapepala akowo."

Anatulutsa. Analemba dzina, mudzi, zaka. Atafika pa mzere wonena kuti "Fotokozani zimene zinachitika," maso ake anathawira kumwamba.

"Amayi, dengali lidzadontha mvula ikabwera."

"Mvula yake iti? Sunaione nyanja?"

Koma anali atavula kale nsapato. Anafolera mpaka dzuwa linapendeka, ndipo fomu inabwerera kumtunda ili ndi mizere itatu.

Sabata yotsatira anakonza nkhokwe. Ina anakumba dzenje la chimbudzi. Ina anamata khonde. Ankabwera ndi mchere, sopo, mpunga wotapa m'thumba la Edina. Mayi Elenala ankalandira zonsezo osathokoza, n'kumuonetsa ntchito ina yoposa yoyamba, iwo atakhala pamthunzi kumamuyang'anira ngati kapitawo wa pa esiteti. Ndipo akamatsazika, mawu anali omwewo.

"Nanga pepala lija, Geri?"

"Sabata ya mawa, amayi."

"Ine ndilipo. Amene ankafulumira anagona kuseri uko."

Kuseriko kunali manda a a Fanuelo, pansi pa mtengo wa mango. Gerishomo ankazungulira mbali inayo potenga njinga.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi usanakwane, nkhani inali itafika kuchigayo, ndipo kuchigayo nkhani imalowa ya chimanga n'kutuluka ya ufa. Edina anamudikirira pakhonde.

"Bambo a Pemphero, mpunga wanga wamera miyendo?"

"Ndi ntchito ya bungwe."

"Bungwe lake lovala chitenje limenelo? Likudya mpunga, likusamba sopo? Anthu akundiseka, akuti mwandisiya chifukwa cha nkhalamba ya mano awiri. Mukanapeza wa mano okwanira, bwenzi ndikudziwa chimene wandiposa!"

Gerishomo sanavomere, komanso sanakane. Apa ndi pamene anamuchimwira mkazi wake kuposa chigololo chenicheni. Anaona kuti bodzalo n'lopepuka kusenza kusiyana ndi zoona, ndiye analisiya kuti likule. Anzake pa bawo akamugwedeza ndi chigongono kuti, "Achimwene, ku Chisi kuli uchi eti?" iye ankangoweramitsa chipewa n'kumwetulira pang'ono, Edina n'kumapsa yekha kuchitsime.

Mu Novembala, azungu amene ankapereka thandizo ku bungwe lija anafuna kudziwa ngati maphunziro aja anaphula kanthu, kapena anangomwetsa anthu tiyi. Anatumiza mtsikana wophunzira kwambiri dzina lake Violet, wa magalasi, nsapato zoyera za nsalu, ambulera, ndi pepala lakelake la timabokosi tochonga. A ku Kachulu anamutcha "woyeza", ndipo ena anabisa matemba poganiza kuti wabwera ndi sikelo. Violet anali atayendera kale ophunzitsidwa ena. Kwina anapeza njinga ya bungwe ikunyamula makala, kwina mafomu akukulungira mandasi. Atafika kwa Gerishomo n'kutsegula chikwama, anachita kuvula magalasi n'kuwapukuta.

"Bambo Namakhwa, zilembo izi! Makumi anayi, onse odinda zala, palibe pofufuta. Mukanakhala khumi ngati inu, ntchito yanga bwenzi itatha."

Anapitiriza kutembenuza mpaka anafika pa fomu ina yakuda m'mbali, yopindika ndi maulendo.

"Nanga iyi ya mizere itatu?"

"Mayiwo ndi a ku Chisi, madamu. Amadwaladwala."

"Ndiye tisachedwe. Ndimafuna nditakuonani muli pantchito, ndipo iyi ndi yabwino chifukwa sinayambike. Tipite mawa."

Mawa lakelo linali Lachitatu.

Anamukweza pakaliyala, ambulera itatambasulidwa ngati mkwatibwi. Gerishomo anayesa kukhotetsa njinga kuti adutse patali, koma kunja kwa kanjirako matope anali ong'ambika moti tayala likanalowa.

"Chakudacho n'chiyani?" anafunsa Violet.

"Chipika, madamu."

Mayi Elenala anawapeza akusola mtedza, alibe ngakhale chimfine. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato.

"Lero wabwera ndi kapitawo? Khalani pamkekapo, mwananga. Uyu akangoyang'ana kudenga, mumugwire mwendo."

Violet anaseka osadziwa chimene akuseka, nakhala chapambali, pepala lake lili pabondo. Gerishomo anatulutsa fomu. Panalibenso nkhokwe yothawirako.

Mayi Elenala anayamba patali, ndi momwe anthu anasiyira kuwapatsa moni, ndi momwe amuna awo ankabwerera m'njedza thupi lonse lili zidzolo za udzudzu. Gerishomo ankalemba. Kenako anafika pa m'mawa uja.

"Ine ndinali pomwepo. Ndinawoloka ndi bwato la achimwene anga kudzalandira nsomba, dengu lili m'manja. Lole itafika ndinaima pa mulu wa nkhuni, ndinkaona doko lonse. Anafunsa kawiri. Amuna makumi atatu anakhala chete, ndipo mumtima ndinati, Mulungu, tapulumuka. Kenako nkhafi ina inadzuka."

Cholembera chinaima.

"Lemba, Geri. Inadzuka pang'ono chabe. Mwini wake sanalankhule, ndisamunamizire. Lemba kuti sanalankhule."

Analemba kuti sanalankhule. Zaka makumi awiri ndi zitatu ankadzitonthoza ndi mawu omwewo, koma atawaona pa pepala, m'zilembo zake zomwe, anali ochepa ngati ntchentche itafera mu inki. Nkhope yake inanyowa, ndipo si thukuta lokha. Mayi Elenala anamaliza zonse, zibakera, lole, nkhwangwa, chifuwa, maliro amene panabwera anthu asanu ndi awiri okha.

Violet anasendera pafupi n'kunong'ona. "Malo akumunsi aja, bambo. Afunseni."

Gerishomo anatembenukira kwa Mayi Elenala. "Amayi, amene anachita zimenezi... wa nkhafiyo... mukumudziwa?"

Mayi Elenala anathamangitsa nkhuku imene inkafuna mtedza. Anapukuta manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali moti Violet anayang'ana wotchi.

"Ndikumudziwa. Koma dzina limenelo ndalisenza zaka makumi awiri ndi zitatu, pamene si katundu wanga. M'kamwa muno silituluka. Mwini wake ali moyo, manja ali nawo, kulemba amadziwa. Siya poyera pamenepo."

Anasiya poyera. Anawerenga zonse mokweza monga mwa lamulo, n'kutsegula kabokosi ka inki. Mayi Elenala anabisa chala m'chitenje.

"Pepala la bowo sindidinda."

"Ndi ufulu wawo," anatero Violet mokoma mtima, nachonga kabokosi kena.

Pobwerera, mtsikanayo anali wokondwa ngati wapambana mayeso ndi iye. Ankawerenga pepala lake ali pakaliyala, mawu akudumphadumpha ndi mabampu.

"Simunawadule mawu, ndachonga. Simunawakakamize, ndachonga. Munawerenga mokweza, ndachonga. Chifundo ndachonga kawiri, misozi ija ndinaiona, musabise. Ndikalemba kuti ku Kachulu maphunziro athu anagwira. Chaka cha mawa mwina mudzaphunzitsa anzanu ndinu. Kunena zoona, Bambo Namakhwa, anthu ngati inu bungwe likuwafuna."

Gerishomo anafinya mabuleki onse awiri. Violet anagunda msana wake ndi magalasi, ambulera n'kuuluka.

Anali ataima pa chakuda chija. Kachiwiri m'moyo wake, mlendo wosadziwa nkhope za anthu anali atamuyamikira chifukwa cha cholembera, pamtunda wosakwana ola kuchokera pa doko lomwe lija.

"Madamu, ichi si chipika."

Anagwada n'kupala matope kumutu kwa bwatolo. "Ili ndi bwato limene mwamva lija. Misomali iyi ndinakhoma ndine. Ndinadya pakhomo paja zaka zitatu."

Anatulutsa fomu, kuiyala pa chishalo cha njinga, n'kulemba m'malo oyera aja. Amene anaionapo fomuyo amati zilembo za mzere umenewo n'zokhota ngati za mwana wa Sitandade 1. Violet anawerenga. Anavula magalasi, anawavalanso. Anayang'ana pepala lake kutsogolo, analitembenuza kumbuyo.

"Bambo, pa pepala langali palibe pochonga zimenezi." Anatembenukira kwa Gerishomo. "Kodi anakusankhani ndani?"

"Mudzi wonse."

"Akudziwa?"

"Pa doko panali amuna makumi atatu, madamu. Ena mwa iwo ndi amene anayamba kukweza manja."

"Nanga makumi anayi aja? Onse akuti ayufi ochokera kutali."

"Ena ankachokeradi kutali."

Violet anatola ambulera yake, nsapato zoyera zija zitasanduka zotuwa. Gerishomo anali atatembenuza kale njinga kuloza ku chilumba.

"Tikupitanso kuti?"

"Lamulo lachitatu, madamu. Munatiphunzitsa nokha."

Anawapeza Mayi Elenala ali pomwe anawasiya, mkeka osapinda, ngati munthu wodziwa kuti alendo aiwala chinthu. Gerishomo sanakhale pansi. Anavula chipewa n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba, dzina, mudzi, zaka, udzudzu, lole, zonse, osadumpha ngakhale mzere umodzi. Atafika kumunsi mawu anachepa.

"Anachita zimenezi ndani. Anamenya ndi ayufi. Analoza ndi nkhafi ndi Gerishomo Namakhwa."

"Ine sindinanene zimenezo."

"Ayi, amayi. Ndanena ndine."

"Ndiye kweza mawu. Mwini bwato anamugonthetsa makutu, komanso wagona kuseri."

Gerishomo anazungulira nyumba, njira imene ankaipewa miyezi itatu, n'kukaima pansi pa mtengo wa mango. Anawerenganso mzere umenewo mokweza moti mayi wa nyumba yoyandikana anasiya kusinja. Atabwerako, Mayi Elenala anatulutsa chala m'chitenje, kuchiviika mu inki, kudinda. Inki yotsala anaipukutira pa thumba la malaya ake oyera, pansi pa cholembera pomwepo.

Sananene kuti ndakukhululukira. Amene amakuuzani choncho akuthira mchere. Mawu awo anali awa: "Chimbudzi chija chilibe chitseko."

Edina anauzidwa tsiku lomwelo, ali pabwalo kupeta mpunga. Anamvetsera mpaka kumapeto, lichero lili m'manja osagwedezeka.

"Ndiye mwandisiya ndikusekedwa miyezi itatu chifukwa cha chibwenzi choti kulibe? Munaona kuti kuli bwino manyaziwo akhale anga?"

Sabata yonse ankamulankhula kudzera mwa ana. Lachitatu m'mawa Gerishomo anapeza kamtolo ka mpunga katamangidwa pakaliyala, mfundo yake yolimba moti anachita kudula ndi mpeni. Mpaka lero Edina sanamuuze ngati kanali ka chifundo kapena kotukwana.

Violet anakalemba lipoti lake. Zonse zimene linanena sitikuzidziwa, linali la Chingerezi, koma zotsatira zake tinaziona. Mu Januwale kunabwera galimoto kudzatenga njinga, chikwama ndi kabokosi ka inki, pamodzi ndi kalata yothokoza Bambo Namakhwa mwaulemu kwambiri. Satifiketi anamusiyira, poti inali italembedwa kale dzina. Bungwe linayamba kufunsa ozunzidwa eni ake kuti akufuna awalembe ndani, ndipo mafomu makumi anayi aja anadzalembedwanso ndi mphunzitsi wina, Mayi Mary, wochokera kwina, wa zilembo zonyansa ngati mapazi a nkhuku. Pamaso pa iwowa anthu anayamba kukumbukira bwino. Kunapezeka kuti ayufi ena ochokera kutali aja kutali kwake kunali kuseri kwa tchalitchi, ndipo wina amaimba besi mukwaya.

Ndiye musadabwe kuti palibe amene anamuthokoza Gerishomo. Ulembi wa mpingo anautula yekha, wa sukulu anamutulitsa. Pa bawo mpando wake unayamba kupezeka kuti pali kale munthu. Ndipo nkhani ya chibwenzi, imene inkayenera kufa tsiku lomwe lija, inanenepa. Mayi wosinja uja anafotokoza zimene anamva, koma nkhaniyo powoloka kudza kumtunda inkafika itaonda, pamene ya chibwenzi inkadziyendera yokha. Inamera ndi nthambi: ati analandidwa njinga chifukwa woyeza anawapezerera. Amene amaikonda kwambiri ndi madoda a zaka za Gerishomo yemweyo, aja ankasoka ukonde wopanda bowo. Nkhani ya chigololo umaseka n'kupita kwanu. Inayo imafunsa kuti iweyo unaima pati m'mawa umenewo, ndipo unatani munthu akumenyedwa pamapazi ako.

Za chipukuta misozi musafunse, Mayi Elenala eni ake sanafunsepo. Mvula inabwera, nyanja inadzazanso, bwato lija linabwerera pansi pa madzi ndi misomali yake. Gerishomo amapitabe Lachitatu, pa bwato lobwereka, akupalasa yekha, chizungulire osachitchulanso. Chitseko anakhoma. Panopa akuti ali pa khola la nkhuku. Musaganize kuti anapepukidwa. Akafika pakati paja amasiya kupalasa kanthawi, nkhafi ataigoneka pamiyendo, ataigwira ndi manja onse awiri ngati ingadzukenso yokha. Malaya a inki aja Edina anawachapa kangapo, banga silinachoke, ndipo amawavalabe.

Gerishomo sankapita ku Chisi kukafuna mkazi, ankapita kwa mkazi wa munthu amene iye anamuloza ndi nkhafi.